Amalume Lafayelo ndi Njerwa za ku Thonje

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirire amalume anga, a Lafayelo Mwale. Sabata yatha abale tinakhala pansi kukambirana zomanga chiliza pamanda awo, ndipo mng'ono wanga atafunsa kuti njerwa tikazitenga kuti, aliyense anagwetsa maso pansi. Pamudzi pathu pano, m'mbali mwa nyanja ku Salima kuno, sungatchule njerwa osakumbukira mkulu ameneyu. Ine ndine Esinati, mwana wa mlongo wawo, ndipo ntchito yanga ndi yogulitsa usipa, osati yolemba mbiri za anthu. Koma ndaona kuti ndikapanda kunena, ana athu adzangomva kuti kunali nkhalamba ina yovuta imene inkalonda mileme m'bwinja.

Amalume anali mmisiri womanga. Anali munthu wamfupi, wa zikhatho zazikulu zong'alukang'aluka, ndipo sankatha kudutsa khoma osatsinzina diso limodzi kuti aone ngati laongoka. Ngakhale m'tchalitchi, abusa ali pakati pa ulaliki, ukawacheukira amalume unkapeza diso lili chitsinzinire, akuyeza ngodya ya kuguwa. Nyumba zambiri za pano anamanga ndi iwo, koma ankadziwika kwambiri ndi ntchito ya kumanda. Nthaka yathu ndi mchenga. Adzukulu akamakumba, dzenje likangofika m'chiuno limayamba kugumuka, ndiye pamafunika kulimanga ndi njerwa m'kati bokosi lisanatsike. Kwa zaka zambiri wotsikira m'dzenjemo ndi chingwe ndi ndowa ya matope anali amalume. Sankalandirapo kanthu, ankati wolipiritsa manda adzadzikumbira yekha ake.

Kumapeto kwa mudzi, pamene njira ya ku doko imakhota, panali nyumba yaitali ya njerwa zofiira imene tonse tinkaitcha ku Thonje. Inamangidwa nthawi ya atsamunda. Alimi a kumtunda, ena ochokera cha ku Chitala, ankabwera ndi thonje pangolo ndi pamutu, nkuliyeza pakhonde, nkulisunga m'katimo kudikira sitima ya pamadzi. Njanji ndi malole zitalanda ntchitoyo, nyumba inatsala yopanda mwini. Anayamba kupita ndi malata, kenako zitseko, kenako mitengo ya denga, anthu ndi chiswe akuthandizana bwino lomwe. Pamene ine ndinkayamba kuzindikira zinthu, munali mileme, mbuzi, ndi mtengo wa kachere umene unamera pangodya ya kunyanja nkukulunga khoma ndi mizu yake.

Chimene chinaipha nyumbayi ndi ubwino wa njerwa zake. Zinali zazikulu, zopsa bwino, ndipo omanga anazilumikiza ndi dothi, moti ukagogoda pang'ono njerwa inkachoka yathunthu. Maliro akagwa m'dzinja, pamene palibe waotcha uvuni, adzukulu ankangokankha wilibala kulunjika ku Thonje. Sankaona ngati ndi kuba. Nyumba ndi ya mudzi, wakufayo ndi wa mudzi, ndiye vuto lili pati? Amalume nawonso ali mnyamata anamangirapo manda ndi njerwa zimenezi, ndipo sankabisa. Anasiya tsiku limene mayi awo, agogo anga, anawapeza atanyamula imodzi paphewa, nkuwauza kuti aitembenuze aone m'mbali mwake.

Njerwa iliyonse ya ku Thonje inali ndi chizindikiro. Midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi imene inaumba njerwazo mwa thangata, ndipo kapitawo, pofuna kudziwa mudzi waulesi, analamula kuti mudzi uliwonse uzidinda chizindikiro chake m'mbali mwa njerwa ikadali yaiwisi, kuti zikaunjikidwa aziona msanga. A kwa Msekeni ankadinda zala zitatu. A kwa Kalonjere ankajambula mtanda ndi fupa la kampango. A kwathu kuno, amene mwano sitinayambe lero, ankadinda chala chachikulu cha kuphazi. Mudzi wa Kalonjere unamezedwa ndi nyanja chaka china madzi atakwera, anthu ake nkubalalika. Pamene panali Msekeni lero pali mipanda ya nyumba zopumuliramo anthu a ku Lilongwe, ndipo ndi manda omwe anasalazidwa. Amalume ankakonda kunena kuti mayina a midzi imeneyi sali pasukulu, sali patchalitchi, sali pachikwangwani chilichonse, anatsala pakhoma pokhapo. Kwa iwo, kuzula njerwa ya ku Thonje nkuikwirira kunali kuika munthu m'manda kachiwiri.

Zaka zawo zomaliza ankagona ku Thonje komweko, pansi pa timalata tingapo timene anatsamiritsa pangodya ya kachere. Mmawa uliwonse ankasesa m'mbali mwa khoma, kuzula udzu m'ming'alu, kumata dothi pamene mvula yakokolola. Aliyense wodutsa ndi mwana ankaimitsidwa kuti mwanayo aone zizindikiro. Amayi ena ankazungulira njira ya kudambo pothawa kuchedwa. Ine sindinkatha kuthawa. Tsiku lina ndikuchokera ku doko ndi beseni pamutu, ndinamva akundiitana.

"Esinati, tatula kaye."

"Amalume, dzuwa lakwera, usipa wanga uonongeka."

"Usipa ubweranso mawa. Gwada apa, uike dzanja."

Cha m'munsi, pafupi ndi muzu wa kachere, panali njerwa yopanda chizindikiro cha mudzi. M'malo mwake panali kadzanja kakang'ono, tizala tonse tisanu tooneka bwino.

"Aka ndi kadzanja ka agogo ako. Anali akukwawa, mayi awo akuumba, iwo nkugwira njerwa yaiwisi. Kapitawo anawakwapula mayi aja ati aononga njerwa, koma njerwayo anaiotchabe."

"Mukudziwa bwanji kuti ndi iwo? Ana okwawa analipo ambiri."

"Anandiuza okha. Ukufuna ndikawadzutse adzalumbire?"

Ndinaseka, koma dzanja sindinachotse msanga. Agogo ndinawadziwa ali nkhalamba yosaona bwino, ndipo ndinali ndisanaganizepo kuti nawonso anakwawa.

Sindinganame kuti amalume anali munthu wosavuta kukhala naye. Anakangana ndi akuluampingo atafuna njerwa zomangira zimbudzi za patchalitchi, mpaka anakhala miyezi akupemphera ali panja pa zenera. Anakangana ndi asodzi amene ankamangirira maukonde pakhoma kuti aume. Mkangano umene umandiwawabe ndi wa achinyamata a pano. Iwo anapeza anthu a kampani ina ya mafoni amene analonjeza kufolera nyumbayo, kuipaka pulasitala ndi penti ya mtundu wawo, kuti achinyamatawo azionetseramo mpira ndi kutchajitsa mafoni. Amalume anakana kwamtuwagalu. Ankati pulasitala ikwirira zizindikiro, ndiye padzakhala nyumba yokongola yosanena kanthu. Anthu a kampani sanalimbane nawo, anangopita kukapaka golosale ya pamsewu. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati amalume sanalakwitse pamenepo, chifukwa khoma lokwiriridwa ndi pulasitala likanaimabe, ndipo denga likanaliteteza ku mvula. Ndinawafunsapo kamodzi, ndipo anangopitiriza kusesa.

Anayesanso ku boma. Anakwera kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka ku Salima, njerwa imodzi ya kwa Kalonjere ili mu jumbo pamiyendo. Anabwerako akuyamika kuti anawalandira bwino, anawapatsa ndi mpando. Patapita nthawi kunabweradi mayi wina waulemu wochokera ku bomako, anazungulira nyumba yonse, anajambula ndi foni, anagwada nkugwira kadzanja kaja. Ananena mosabisa kuti nyumbayo ndi yoyenera kusungidwa, koma mwini wake sakudziwika, ndipo nyumba zotere m'dziko muno ndi zambiri kuposa manja ozisamalira. Amalume anamuperekeza mpaka pagalimoto, nkubwerera kudzakanya dothi, nkubwezera njerwa ija pamalo pake. Anthu anawauza kuti mutu umodzi susenza denga. Iwo anayankha kuti akudziwa, ndi chifukwa chake dengalo kulibe.

Mnzawo wa pamtima, amenenso anali mdani wawo wamkulu pa nkhaniyi, anali a Simeoni, mtsogoleri wa adzukulu a kumanda. Ankasewera bawo masana aliwonse pamthunzi wa kachere, akunyozana ngati apongozi oipana. A Simeoni ankati wakufa wa lero ali ndi ana amene akulira pompano, nanga a kwa Kalonjere akuwalira ndani? Amalume ankati ndi chifukwa chake iwo akuwalira. Akatero ankabwerera ku bawo, ndipo mawa lake mkangano unkayambira pomwepo.

Kuti mumvetse chifukwa chimene mmisiri womanga nyumba za mudzi wonse ankagonera m'bwinja, ndibwerere m'mbuyo, ku maliro a akazi awo, a Nabanda. Anamwalira mu Febuluwale, mvula ikugwa mlungu wonse osapumira. Msewu unali utaduka, panalibe poti nkugula njerwa, ndipo dzenje linkagumuka adzukulu ali m'kati. A Simeoni anabwera pakhomo pa siwa ndi anyamata awo, nkugwada pamaso pa amalume mwaulemu wonse.

"A Mwale, lero tisakangane. Amene agona m'nyumbamu ndi akazi anu. Tiloleni titengeko mawilibala ochepa okha ku Thonje."

"Ku Thonje ayi."

"Ndiye tiwaike bwanji? Mchenga uwagwere pankhope?"

"Ndati ku Thonje ayi, a Simeoni."

Azimayi amene tinali m'katimo tinamva zonse, ndipo nyimbo inaduka. Wina ananong'ona kuti bambo awa afika pokonda njerwa kuposa mkazi amene wawaphikira moyo wonse. Ine ndemwe mtima unandiwawa, chifukwa a Nabanda anandilera ngati mwana wawo. Kenako tinaona amalume akudzuka, akulowa kuchipinda, akutuluka ndi nyundo. Anazungulira kuseri kwa nyumba yawo yomwe, nyumba imene anamanga okha atangokwatira, nkuyamba kugumula khoma la chipinda chogona. Mvula ikuwakhuthukira pamsana, iwo akuchotsa njerwa imodziimodzi, akuipala dothi, akuisanja pansi bwinobwino ngati pa ntchito ya munthu. Sankalira. Anthu anaima chapatali, osadziwa choti achite.

A Simeoni ndi amene anapita nkuwagwira dzanja.

"Bweretsani nyundoyo. Namfedwa sagwira ntchito."

"Mukapita ku Thonje ndikangotembenuka."

"Sitipita. Khalani pansi, tigumula ife."

Anagumuladi, ndipo a Nabanda anagona m'njerwa za chipinda chawo chomwe. Nyumba yopanda khoma limodzi sinapirire dzinja limenelo, inagwa mvula isanathe. Tinawapempha kuti adzakhale kwathu, achibale ena anati tiwamangire ina, koma iwo ananyamula mphasa ndi timalata totsala nkupita ku Thonje. Kuyambira pamenepo adzukulu sanakankhenso wilibala kulowera kumeneko amalume akuona.

Koma nyumba yopanda denga siyembekeza kuti anthu agwirizane. Mwera ndi mvula zinagwetsa khoma la kumwera, chaka china la kumsewu linatsatira. Amalume ankatola njerwa zakugwazo nkuziunjika mudzi ndi mudzi, za kwa Msekeni pazokha, za kwa Kalonjere pazokha, ati tsiku lina adzamanganso. Milu ija inkachepa yokha. Ukapita kukacheza kwa anthu unkapeza zala zitatu pa mafuwa, mtanda pansi pa mtsuko, chala cha kuphazi pakhomo la bafa. Amalume ankaona, ndipo poyamba ankalanda, koma mawondo atayamba kukana anangosiya. Pomaliza linatsala khoma limodzi, la kunyanja, limene kachere analigwira.

Atadwala kwambiri tinawatenga mokakamiza kudzagona kwathu. Tsiku lina masana ndikuwamwetsa phala, anandigwira pamkono.

"Esinati, mvula yayamba. Ndikapita m'dzinja muno, ndilibenso nyumba yoti mugumule."

"Musalankhule choncho, amalume."

"Tamvera. Akale ankatchinga dzenje ndi bango ndi mphasa, ndipo palibe anabwerako kudzadandaula. Ukawauze a Simeoni andiikire bango. Khoma lija asalikhudze."

Ndinalonjeza. Anamwalira patangopita masabata ochepa, mvula ili pachimake.

Mmawa wa tsiku loika maliro ndinatuma mayi wina kuti akandiitanire a Simeoni pakhomo pa siwa. Anabwera akutsimphina ndi ndodo, maso ali ofiira. Ndinagwada nkuwauza mawu onse monga momwe amalume anandiuzira. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Tamva, mayi. Koma taganizani. Munthu amene wamangira manda mudzi wonse, ife timuike m'bango ngati mlendo wofera panjira? Anthu a midzi ina abwera, adzati chiyani? Ndipo khomalo, mwini wake wapita, litha chaka?"

"Ndi mawu awo, a Simeoni, si anga."

"Tamva. Lowani m'nyumba, za kumanda tisiyireni."

Kwathu kuno namfedwa salamula adzukulu. Amakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, amalira, amalandira anthu, basi. Ndinabwerera pamalo panga ndili ndi kachiyembekezo kuti mwina amva. Dzuwa litakwera, amayi a chigwirizano ali pakati pa nyimbo, tinamva chinthu chikugwa cha ku doko, phokoso lolemera lofika mpaka pansi pamene tinakhala. Amayi ena anayang'anana nkupitiriza kuimba. Ndinafuna kudzuka, koma azakhali anandikanikiza paphewa, ati mwana wamkazi sathawa mtembo. Kenako ndinayamba kumva kulira kwa gudumu la wilibala, kupita ndi kubwera, kudutsa kuseri kwa nyumba yanga. Anthu ankaona ngati ndikulira amalume okha.

Kumanda tinapeza dzenje limene sindinaonepo chibadwire. Linali loongoka mbali zonse, njerwa zofiira zazikulu zitasanjidwa mosamala, zizindikiro zonse zitaloza m'kati. Anyamata amene amalume ankawathamangitsa ndi tsache ndi amene anamanga, ndipo anamanga ndi mtima wonse. Bokosi lisanatsike a Simeoni anapempha kulankhula.

"Mnzangayu takhala tikukangana naye zaka zonsezi chifukwa cha njerwazi. Anazikonda, anazilonda, anagona nazo panja. Ife taona kuti tikazisiya, mawa zikhala pa mafuwa a anthu. Ndiye tawapatsa zonse, apite nazo."

Anthu anavomera ndi mitu, ena anati zoona, achita bwino. Pamene ankabwerera m'mbuyo anadutsa pafupi nane, nkuwerama.

"Kadzanja ka mayi awo ndakaika kumutu, ndi manja anga."

Ndinasuzumira ndipo ndinakaona, tizala tisanu, pomwe mutu wa amalume unkayenera kukhala. Ndinafuna kukwiya koma mkwiyo unalibe poti nkugwira, chifukwa mkuluyo ankalira ngati mwana. Bokosi linatsika, abusa anapemphera, mafosholo anayamba. Madzi akatayika saoleka.

Za chiliza tinamaliza kukambirana tsiku lomwelo la sabata yatha. Tagwirizana kuti tigule mabuloko a simenti ku boma, opanda chizindikiro cha munthu aliyense. A Simeoni sasewanso bawo, ndipo tikakumana panjira timapatsana moni bwinobwino, nkhani ija osaitchula. Zizindikiro ndikuzikumbukira zonse, koma ndikayamba kufotokozera ana za kwa Msekeni ndi kwa Kalonjere amandifunsa kuti zili kuti aone, ine nkusowa poloza.

Ndimadutsa ku Thonje mmawa uliwonse popita ku doko. Dzina lokha ndi limene latsala, ndipo a kabaza atsopano ayamba kale kupatcha pa Kachere. Pamene panali khonde loyezera thonje anthu aimikapo mathandala oyanikira usipa. Maziko akuonekabe pang'ono ngati mzere wofiira mumchenga, mbuzi zimagona m'kati mwake, ndipo udzu umene amalume ankazula wafika m'mawondo. Kachere waima yekha. Mizu yake, imene inakulunga ngodya zaka zonse zija, idakali chikhalire monga khoma linalili, yoongoka, yokhota pamene khoma linkakhota, ndipo pakati pake pali mabowo a ngodya zinayi pamene adzukulu anasolola njerwa imodziimodzi. Bowo la m'munsi, pafupi ndi muzu waukulu, ndimalidziwa. Dzana ndinatula beseni, ndinagwada, nkulowetsamo dzanja. Munali mchenga wonyowa basi.